Alamu ndi Gemu ya Mavu

Lolemba, 8 Julaye

Iwe wosuzumira m'makope a eni, popeza watsegula kale, ndiyankhe. Ukanakhala iwe, n'kuona munthu wagwira TV yako ndi dzanja limodzi akuipendeketsa kuti igwe pa shelefu, ukanamuombera m'manja? Ine ndakalipa. Ndakalipa zenizeni, mpaka amayi ogulitsa tomato tsidya la msewu anaimirira kuti aone.

Zayenda chonchi. Alamu a Julius, amuna awo a achemwali anga a Belita, chiwagwireni sitiroko m'mwezi wa Malichi amangokhala pakhonde. Dzanja lamanja silinyamuka, mwendo amachita kukoka, mawu akatuluka ali ngati a munthu amene ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Palibe amawamva. Ndiye ine ndi nzeru zangazi ndinati bwanji abwere kushopu kwanga aone anthu. Elton wa kabaza anawanyamula, ine ndikuyenda pambali nditawagwira phewa.

Pashopu pano ndimatchaja mafoni, kukonza, kubena nyimbo pa kompyuta. Ndilinso ndi TV ndi kabokosi ka magemu akalekale kamene ndinagula ku Limbe, akabaza amaseweretsa podikira makasitomala. M'kabokosimo ndinapezamo gemu ija alamu ankatitopetsa nayo asanadwale. Ankati ku Joni, pa shopu ya tchipisi, panali chimakina chachitali ngati munthu woimirira, ukaponyamo ndalama kandege kamabwera pansi, mavu n'kumatsika kumwamba, iwe n'kumawombera. "Mlamu, ine ndalama imodzi basi, mpaka Mpwitikizi mwini shopu kundithamangitsa kuti atseke." Ife tinkangoti eya, alamu, eya.

Nditawaikira, nkhope inawala. Padi yoyendetsera gemu pantchafu, dzanja lamanzere pamenepo. Koma m'malo mowombera anangotengera kandege kukona yakumanzere n'kuima. Phuu, kawombedwa. Kubwerezanso, kukona komweko, phuu. Kubwerezanso. Kenako anakuwa, kuponya padi, kudzikoka mpaka pa shelefu, n'kuigwira TV.

Ndinati, "Alamu, mwapenga kodi?" Ndipo sindinanong'oneze.

Lachiwiri, 9 Julaye

TV ikugwira. Padi yathyoka batani limodzi, ndamata. Podutsa pakhonde sindinawapatse moni alamu, iwonso anayang'ana kuphiri la Michesi.

Lachitatu, 10 Julaye

Nkhani ili kale mudzi wonse, ndipo yakula m'njira. Akuti anaswa TV, akuti anandimenya ndi ndodo. Amalume a Sitima abwera masana, akhala pa mpando wa makasitomala osapempha.

"Iwe Fainess, ndamva kuti mkamwini wayamba kuswa katundu."

"Palibe chasweka, amalume."

"Koma unanena wekha kuti wapenga. Anthu anamva."

Ndinati kukalipa si chipatala, munthu akapsa mtima amalankhula zilizonse. Iwo anangopukusa mutu. Akuti munthu akadwala thupi timamusunga, koma akadwala mutu eni ake ayenera kumudziwa, chifukwa mawa akagwira chikwanje mlandu udzagwera mbumba yawo. Akuti mkamwini amabwera pamudzi ndi manja awiri, manja akatha ndiye kuti... Sanamalize. Ine ndinawamalizira: "Ndiye kuti timataya ngati batire?" Anandiyankha m'Chilomwe, mwa mawu amene sindilemba.

Madzulo ndapita kwa achemwali. Ndinawapeza akuchapa, manja atasweka ndi kuziziraku. Ndinabwera ndi mkwiyo kuti ndiwafunse ngati akugwirizana ndi amalume, koma nditawaona msana ndinangokhala pansi n'kuyamba kufinya nawo. Okha amawanyamula alamu kupita kubafa, okha kudimba, okha ana, nandolo naye akudikira m'munda. Aonda mpaka chitenje akuchizunguliza kawiri.

Anati, "Sabata yatha anandiponyera kapu. Ndikawafunsa chinthu amapukusa mutu, ndikawafunsa chosiyana nacho amapukusanso. Faine, ndimawayang'ana m'maso, sindidziwa ngati m'katimo muli iwo."

Ndinangopitiriza kufinya. Ine amene sindisowa choyankha.

Lachinayi, 11 Julaye

Chiperoni tsiku lonse, sola sakukoka, makasitomala kulibe. Ndakhala ndikusewera ndekha gemu ya mavu ija ndi kamoto katsala m'batire.

Ndayesa kukona kuja. Ukaima pamenepo umafa basi, palibe nzeru. Komabe chinthu chimodzi chikundisowetsa mtendere. Alamu sankapita kukona nthawi iliyonse ayi. Ankadikira mavu achikasu akhazikike kaye, ofiira akangoyamba kutsika ndiye iwo ulendo kumanzere. Nthawi yomweyomweyo, ulendo uliwonse. Wamisala amasunga nthawi chonchi?

Elton ndamuuza, wangoseka. "Asisi, inuyo mwayamba kuganizira mavu? Matendawa ndi opatsirana eti?" Ndamuuza akayendetse njinga yake.

Lachisanu, 12 Julaye

Ndagula bandulo. Netiweki pano imagwira ukaima pa chulu cha kuseri kwa shopu, ndiye ndakhala pachulu ngati mbuzi, kufufuza pafoni. Chizungu changa ndi cha pa mabokosi a mafoni koma chimandifikitsa.

Ndapeza vidiyo ya mzungu wina akuonetsa chimakina chenicheni. Chachitali ndithu, alamu sankanama. Ndipo galasi lake, mayo ine. Galasi lake ndi loimirira ngati chitseko. Si logona ngati TV yathuyi. Lalitali kumwamba, lopapatiza m'mbali.

Ndinaibwereza vidiyo ija pachulu pomwepo. Sankaigwetsa TV. Ankafuna kuiimika.

Ndawerenganso zina. Gemu ya m'kabokosi kangaka si yomwe ija ya ku Joni, dzina lokha. Anachita kuipanganso kuti ikwane pa TV za m'nyumba. Galasi anagoneka, mavu anachepetsa, njira zawo potsika anasintha, zipolopolo zimafika paliponse. Kwa ife osadziwa ndi chimodzimodzi. Kwa munthu amene anailoweza pamtima zili ngati wabwerera kumudzi kwanu n'kupeza njira ya kuchitsime ikukafikitsa kumanda. Ndiye iwe pakamwa patsekeka, sungafotokoze, mlamu wako akukufunsa pagulu ngati wapenga.

Lamulungu, 14 Julaye

Potuluka m'tchalitchi ndamva kwa amayi a kwaya, osati kwa abale anga, kuti amalume atumiza kale uthenga ku Mkhumba kwawo kwa alamu. Achemwali a alamuwo, a Alesi, abwera Loweruka kudzawatenga. Akuti "akapumule kwawo". Munthu wamanga nyumba ya malata pano, wabereka ana pano, akapumule kuti?

Ndinawapeza amalume pa njinga yawo akumanga Baibulo pa kaliyala. Ndinawafotokozera za galasi loimirira. Anandiyang'ana ngati ndikuwagulitsa mankhwala a makoswe.

"Ndiye ukuti munthu wabwinobwino amafuna TV iime ndi mutu?"

"Chambali, amalume. Mmene inalili ku Joni."

"Kuno si ku Joni."

Ndinakweza mawu pabwalo la tchalitchi. Abusa anasuzumira pazenera. Achemwali anandikoka dzanja, akuti ndikuwachititsa manyazi. Mwina. Koma kulankhula mozungulira ine sindinaphunzire.

Lolemba, 15 Julaye

Tsiku lonse pa kompyuta. Nyimbo za anthu zadikira.

Gemu ya mavu yoyamba imene ndakopera ndi imene anapangira makompyuta akale. Zachisoni. Mitundu yake yofiirira ndi yobiriwira basi, mavu akuoneka ngati nsikidzi, phokoso ngati nkhululu yatsekeredwa m'chitini. Kandege ukakakankha lero kamasuntha mawa. Ya m'kabokosi ndi yabwino kutalitali poyerekeza ndi imeneyi, ili ndi nyimbo, imathamanga, padi imakhala bwino m'manja. Yokopera ija ndaifufuta.

Yachiwiri ndi ina. Pali kapulogalamu kamene kamanamiza kompyuta kuti ndi chimakina chija, ndiye gemu yake ndi yeniyeniyo, osati yopanganso. Kandivuta. Mafayilo awiri osagwirizana, china chikufuna china, kompyuta kuzima pakati batire itatsika. Ndatukwana mpaka mayi wobwera kudzatenga foni anabwerera pakhomo. Dzuwa likupendeka yatseguka. Imayamba ndi manambala ndi timizere ngati yawonongeka, kenako nyenyezi. Imafuna "uponye ndalama", batani lina pa kiyibodi ndiye ndalamayo. Ndaseka ndekha. Mpwitikizi akanaona.

Chithunzi chili chopapatiza pakati pa galasi, uku kwakuda uku kwakuda. Mavu ambiri kuposa m'kabokosi, ndipo amatsika mokhota ngati akuvina. Ine sindipitirira gawo loyamba.

Lachitatu, 17 Julaye

Ndapeza potembenuzira chithunzi. Galasi la kompyuta ndaliimika chambali, njerwa uku njerwa uku, chitenje chopinda pansi kuti lisaterereke. Tsopano ladzaza lonse, chitseko chenicheni. Elton atalowa anati, "Asisi, amalume anu akaona izi atumiza uthenga wachiwiri, wa inuyo."

Kiyibodi ili ndi ubwino umodzi umene padi ilibe. Padi imafuna manja awiri, ili loyendetsa ili lowombera. Pa kompyuta mabatani umasankha wekha. Ndaika kumanzere, kumanja ndi kuwombera moyandikana kuti zala zitatu za dzanja limodzi zikwane, ndamatapo timphira ta chubu kuti chala chizipeza chokha.

Kenako chovuta. Ndapita pakhonde. Alamu anali atafunda bulangete, chipewa mpaka m'makutu. Ndinagwada, chinthu chimene mawondo angawa sachidziwa bwino.

"Alamu, pepani mawu aja. TV ija simumaigwetsa eti? Mumafuna iime chonchi?" Ndinawaonetsa ndi manja.

Anatseka maso. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, kanthawi ndithu. Kenako anandigwira pamkono ndi dzanja lamanzere lija, mphamvu zake zikadalipo ndithu, anandipweteka. Ananena mawu, sindinamve. Anabwereza. Ndikuganiza kuti anati "injiniya", chifukwa kale ankandinyoza kuti injiniya wa pansi pa mtengo. Kapena anati china choipa. Zonse ndalandira.

Achemwali anatuluka ndi beseni. "Faine, usamuvutitse munthu. Masiku atsala ochepawa akhale mu mtendere." Ndinati mawa lokha, achemwali, akapanda kufuna ndiwabweza. Anangopitirira ndi beseni lawo.

Lachinayi, 18 Julaye

Elton wawabweretsa alamu m'mawa, ndipo wakana kulipidwa, akuti akufuna aone mathero.

Atangoona galasi loimirira anaima pakhomo. Ndinawakhazika, kuwaika zala pa timphira. Poyamba zinakanika. Dzanja lamanzere silinazolowere, chala chowombera chimapita pa chinzake. Kandege phuu, phuu. Ndinaona mtsempha wa pakhosi ukutupa, ndinasuntha mafoni a anthu pa tebulo mwakachetechete. Anandiona ndikusuntha. Anapumira m'mwamba, n'kudina batani la ndalama okha. Sindinawaonetse kawiri.

Pofika masana zala zinayamba kumvera. Ndiye achikasu anakhazikika, ofiira anayamba kutsika, iwo ulendo kumanzere. Kuima. Mavu anatsika mokhota muja, zipolopolo zikugwa ngati matalala, zonse zikudutsa pambali pa kandege. Palibe chokhudza. Ofiira atatembenuka kubwerera m'mwamba iwo anatuluka pakona paja n'kuwasesa kumsana, onse.

Elton anavula chipewa. "Bwana Juliyo! Zaka zonsezi mumatibisira? Ife timati ndi nkhani za ku Joni!"

Alamu anaseka. Kuseka kwake kwapindika, mbali imodzi yokha, malovu akutuluka, koma ndi kuseka kuja ndimakudziwa. Ndinapita kuseri ngati ndikukaona sola.

Gawo lililonse ali ndi njira yake. Pena amaima pakati, pena amalola dala mavu awiri adutse. Akabaza anadzaza pakhomo, makasitomala awo akuwaitana kumsewu iwo osamva.

Amalume anadutsa akuchokera ku Migowi, anaima ndi njinga, anasuzumira pamwamba pa mitu ya anthu. Ndinati, "Mwaona amalume? Mutu umenewu ndi wodwala?"

Anayang'ana kanthawi. Kenako anati, "Gemuyo imalima? Imamunyamula kupita kubafa? Ukamufunse Belita." N'kukwera njinga.

Zandiwawa chifukwa si zabodza zonse.

Lachisanu, 19 Julaye

Ndilembe izi ndisanaiwale.

Alamu anabweranso m'mawa. Chakumasana achemwali anafika kudzawatenga kuti akawamete ndi kuwasambitsa, mawa alendo. Aka n'koyamba kuwaona akusewera. Anaima kumbuyo kwa mpando, manja m'chiuno, nkhope yotopa ija. Ndinkawafotokozera za kona, za mavu ofiira, iwo amangoti mm. Kwa iwo ndi timagetsi tothwanima basi.

Anawerama n'kulankhula m'khutu mwa alamu mokweza, mmene anthu onse amawalankhulira masiku ano ngati ndi ogontha. "Bambo a Tiko, tiyeni. Zovala ndachapa, ndalongedza. Mawa a Alesi akubwera, mukapumuleko kwanu. Mwamva?"

Alamu anapukusa mutu osachotsa maso pagalasi. Achemwali anandiyang'ana. "Waona? Chilichonse amatero."

Kandege komaliza kanawombedwa. Ndiye panabwera chinthu chimene ine ndinali ndisanachionepo, chifukwa ya m'kabokosi ikatha imangobwerera poyambira. Iyi ya chimakina, ukaposa onse, imakupatsa mipata itatu kuti ulembe dzina. Zilembo umazisuntha ndi kumanzere kapena kumanja, n'kudina kuwombera. Dzulo sanafikepo, lero anafika.

Ndinati, "Lembani JUL, alamu, Migowi yonse idziwe."

Mpata woyamba unali kale pa A. Anadina pomwepo. Ndinati alakwitsa, ndinatambasula dzanja kuti ndiwathandize, anandimenya pa zala. Wachiwiri anabwerera chakumbuyo mpaka pa Y. Wachitatu anayenda pang'onopang'ono, anapitirira mpaka J, n'kubwerera kamodzi.

AYI.

Pamwamba penipeni pa galasi, zilembo zofiira. Anachotsa dzanja pa kiyibodi, anatembenuka ndi thupi lonse, kuwayang'ana akazi awo.

Achemwali anawerenga. Milomo ikuyenda, anawerenganso. Anakhala pansi pa simenti pomwepo, pakati pa mawaya a matchaja.

"Bambo a Tiko," tsopano motsitsa, "mumamva zonse?"

Anagwedeza.

"Zonse zimene timakamba pakhonde paja? Ndi za amalume zija?"

Anagwedeza.

Elton anatulutsa anthu pakhomo n'kutseka chitseko, iyenso anatuluka. Mnyamata uja ali ndi nzeru kuposa mmene amaonekera.

Miyezi yonseyi palibe anaganiza zowapatsa cholembera chifukwa dzanja lolembera ndi lakufalo. Ine amene, ndi kiyibodi pamphuno panga tsiku ndi tsiku. Ndinatseka gemu, ndinatsegula polemba makalata, zilembo zikuluzikulu. Galasi likadali chambali, ndinachita kupendeka khosi kufunafuna pobwezera. Anafufuza ndi chala chimodzi, chilembo chilichonse ngati akutola nyemba. Mawu ena amasokoneza, ena amadumpha. Choyamba chimene analemba: KAPU PEPANI. Chachiwiri: TIYI WOTENTHA KWAMBRI. Achemwali analira ndi kuseka pamodzi, akuti, "Ndiye munthu n'kuponya?"

Kenako anandiuza ndituluke nanenso. Mushopu mwanga. Ndinatuluka.

Loweruka, 20 Julaye

Sindikudziwa zimene anakambirana. Chimene ndaona n'chakuti m'mawa uno malaya a alamu ali pa chingwe, achoka m'chikwama. Achemwali anandiuza ali chowerama posesa, "Sakupita. Koma Faine, msana wangawu ndi womwe uja. Lolemba ndi Lachinayi kubafa uzibwera ndiwe, ndipo nandolo tikathyola tonse." Ndati chabwino. Ndikanati chiyani, pakamwa ndi pangapa.

Koma a Alesi anyamuka kale ku Mkhumba, ndipo akubwera ndi zimene anauzidwa, kuti mchimwene wawo ndi wamisala woswa katundu. Kumeneko mudzi wonse wamva choncho. Tikondwe, mwana wa alamu, kusukulu anzake ayamba kale kumutcha mwana wa wopenga.

Ndinapita kwa amalume. Ndinawapeza akupopa njinga. Ndinayamba ndi moni wonse, mawondo pansi, kuti asapeze pothawira.

"Belita wanena kuti mwamuna wake sakupita," ndinatero.

"Ndamva. Akatopa asadzabwere kwa ine."

"Sadzabwera. Koma alendo ali m'njira."

"Ndiye muwalandire, muwafotokozere."

"Ayi amalume. Ine mawu anga oipa ndinakawabweza ndekha pakhonde, nditagwada. Uthenga wa ku Mkhumba sindinatumize ine."

Anasiya kupopa. Anangoyang'ana pampu.

Panopa ndili pashopu, ndabweza galasi mmene limakhalira, ndakuza zilembo. Alamu akhala kale pampando atavala jekete la ku Joni, ndevu zometa, chala pa kiyibodi. Alemba mzere umodzi wodikira nawo mlongo wawo, ALESI TAKULANDIRA KWATHU KUNO. Mpando wina ndauika pambali pawo, ndi wa amalume. Ndamutuma Elton ndi njinga akawatenge, ndipo ndamuuza akanene mmene ndanenera, osachotsa osakometsa: munthu munamutcha wamisala inu pamaso pa midzi iwiri, bwerani mudzakhale apa, mumufunse yekha mwini wake, ndipo a Alesi akafika mawu aja mukawabweze ndi pakamwa panu.